Malo ometera a kuseri kwa msika amene amazimitsa wailesi mwana wanga akalowa

Ndakhala ndikufuna kulemba izi kuyambira mwezi watha koma geni ya usipa sipereka mpata, nde lero poti mwera wavuta asodzi sanalowe m'madzi ndati ndikhale pansi ndilembe. Ndi za malo ena ometera pano pa boma la Mangochi, kachipinda kamodzi kuseri kwa msika mukamalowera njira ya ku mlatho. Dzina sinditchula chifukwa eni ake ndinawafunsa anangoti "aaa achimwene zanga nzometa basi, zotchuka ayi", koma kholo lomwe lili ndi mwana ngati wanga lindifunse ndililozera.

Mnyamata wanga ali ndi zaka 7 ndipo ali ndi autism. Pachichewa tilibe mawu amodzi a zimenezi nde anthu amangotola alionse ali pafupi, wozerezeka, wopepera, wolodzedwa, wamwano. Mawu ake ndi owerengeka, mukamuitana nthawi zambiri satembenuka koma makutu ndi abwinobwino, pepala la bisiketi likamatsegulidwa kuchipinda china amamva iyeyo woyamba. Amakonda kundandalika zitsekerero za mabotolo pakhonde mzere wowongoka bwino, wina akangosuntha chimodzi tsiku lonse lasokonekera. Phokoso limamupweteka, ndikutanthauza kupweteka kwenikweni ngati mmene inu mungamvere wina akukubayani. Nde taganizani kumeta.

Ambirife timangolowa, kukhala pampando, mphindi 15 tatuluka. Kwa iye ndi zinthu zambiri nthawi imodzi, sipika ili pakhomo ikugunda, TV ikuonetsa mpira wa ku England anyamata akukuwa, munthu wachilendo akumugwira mutu, nsalu yamangidwa pakhosi, mashini akulira pafupi penipeni ndi khutu, tsitsi likugwera m'khosi nkumayabwa, pomaliza sipiriti yowawa ija. Tinayesa malo atatu. Koyamba tinamugwira anthu atatu, ine miyendo, ena manja, analira mpaka kusanza ndipo anadziluma dzanja chipsera chilipobe mpaka lero, ndikachiona mtima umandiwawa chifukwa amene ndinalamula kuti agwidwe ndine. Kwachiwiri wometa anati mwanayu mwamulekelera akufunika kachikwapu. Kwachitatu ndi komwe sindidzaiwala, mnyamata wometa anafunsa pagulu anthu ali tcheru kuti "abwana kapena munamukhwimira mwanayu kuti geni iziyenda?" anthu nkuseka. Ndinamunyamula mutu uli wometa theka nkutuluka. Mawu amenewo si achilendo, aliyense wochita bizinesi kuno amene ali ndi mwana wolumala anawamvapo, koma kuwamva mwana wako ali m'manja akunjenjemera ndi nkhani ina.

Kuchokera pamenepo zaka ziwiri mayi ake ankamumeta ndi sizasi usiku ali mtulo, tochi ya foni ndagwira ine, lero mbali iyi mawa mbali inayo, mutu nkumatuluka wa mawangamawanga anzake nkumamuseka panjira.

Amene anatiuza za malo anowa ndi wakabaza wina amene amatitengera katundu. Anati kuli madala ena ometa ofatsa, mwana wa achemwali awo ku Namwera ali chimodzimodzi. Ndinapita ndekha kaye kukafotokoza. Sanandidule mawu, anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anandifunsa mafunso amene ngakhale achibale anga sanandifunsepo: chimene amaopa kwambiri ndi chani, kulira kwa mashini kapena kugwidwa? amakonda chani? akayamba kukwiya chizindikiro choyamba ndi chani? Nde anati mubwere naye Lachiwiri 6 koloko mmawa anthu asanayambe kubwera, ndipo musamuuze kuti akukameta, muzingoti tikukaona ankolo.

Tsiku loyambalo sanamete kanthu. Tinapeza wailesi yozimitsa, TV yozimitsa, chitseko chotsegula. Mwana anakana kulowa anakhala pa benchi panja nde madala aja anatulutsa mashini osayatsa nkuwaika pa benchipo, iwo nkumasesa m'kati ngati palibe chikuchitika. Patapita nthawi anawatola nkumawatembenuza, kuwanunkhiza, kuwerenga mano ake ndi chala. Basi tinabwerera. Ndinatulutsa ndalama anakana, anati ndameta ndani? Sabata yachiwiri anayatsa mashini ali patali, kenako anameta ine mwana akuonerera, kenako anamugwiritsa padzanja kuti amve kunjenjemera kwake. Sabata yachitatu anameta kumbuyo kokha, mwana ataimirira pakhomo akuyang'ana njinga zikudutsa, atangoyamba kugwedeza manja mwamphamvu anasiya pomwepo osakakamiza. Mutu wonse unatheka ulendo wachinayi, pafupifupi ola lathunthu, ndipo ine ndinatuluka kukaima kuseri chifukwa misozi inali ikubwera.

Ndifotokoze bwino zomwe amachita chifukwa ometa ena akhoza kutengerapo, palibe chodula apa. Nsalu ya pakhosi sagwiritsa, timabwera ndi tisheti yakale ya kunyumba akamaliza timamuvula nkumuveka ina. Sipiriti pamutu ayi, amapukuta ndi kathawulo konyowa. Mashini ndinagula anga a batire omwe salira kwambiri, iwo ndi amene anandilangiza, anati ndi bwinonso paukhondo komanso magetsi akazima pakati pa ntchito sitiyatsa jenereta, chifukwa jenereta ikangolira ndiye kuti zatha. Asanamugwire amanena kaye, "mphwanga, ndikugwira khutu tsopano", ndipo amawerenga mokweza mpaka 10 kenako kupuma, mwana anazolowera moti pano amawerenga nawo chapansipansi. Samukakamiza kupereka moni kapena kuwayang'ana m'maso. Ndipo pansi pa tebulo pali kachitini ka zitsekerero zomwe amamutolera pa golosale yoyandikana nayo, mwana akafika amayamba wandandalika pa benchi kenako yekha amapita pampando. Sindinawapemphe zimenezo, ndinangotchula kamodzi tsiku loyamba lija.

Chinanso chomwe ndimawalemekezera, amalankhula ndi mwanayo osati ine ndekha. Anthu ambiri amalankhula za iye iye ali pomwepo ngati ndi thumba la chimanga, "kodi ameneyu amamva?" Amamva. Tsiku lina kasitomala wina anafika molawirira nkuyamba zonena kuti ana oterewa kwathu timapita nawo kwa asing'anga, madala aja anangoti "bambo dikirani panja pang'ono, pano ndili ndi kasitomala", mawu ofatsa koma munthu uja anatuluka.

Nde apa ndi pomwe ndikufuna ndilowe nkhani yomwe timakangana pa gulu lathu la makolo pa WhatsApp chaka chilichonse April akayandikira. Pa 2 April ndi tsiku loganizira za autism padziko lonse, bungwe la United Nations linakhazikitsa mu 2007 ndipo linayamba kukumbukiridwa mu 2008. Zovala za buluu zomwe mumaona zija zinatchuka ndi bungwe la ku America la Autism Speaks, ndipo kachizindikiro ka kachidutswa ka puzzle (masewera olumikiza tizidutswa kuti tipange chithunzi) kanayambira ku London mu 1963, poyamba kanali ndi chithunzi cha mwana akulira. Kunjako akuluakulu ambiri omwe ali ndi autism eni ake amakana zizindikiro zimenezi, amati ife sitili chinthu chosoweka chidutswa, ndipo amati kungodziwa kuti tilipo sikokwanira, tilandireni. Mayi wina pagulu lathu amene amawerenga kwambiri za izi amakana kuvala buluu pa chifukwa chimenecho. Ena amamuyankha kuti mayi inu zimenezo nza azungu, kuno anthu sadziwa nkomwe kuti autism ndi chani nde tizikangana za mtundu wa tisheti? Mkangano umafika mpaka ena kutuluka pagulu nkudzabwereranso mu May.

Ine ndinapitako kamodzi ku mwambo wa tsikuli mumzinda, tinakwera minibasi usiku ndi mwana ndi mayi ake tili ndi chiyembekezo chachikulu. Tinalandira matisheti, tinayenda mumsewu kutsogolo kuli galimoto ya masipika akuluakulu, titafika pabwalo mlendo wolemekezeka anachedwa ana ali padzuwa, zolankhula zambiri zinali m'Chingerezi. Mwana wanga anatseka makutu kuyambira poyambira, kenako anagona pansi nkuyamba kumenyetsa mutu, ndipo sanali yekha, ndinaona amayi ena atatu akutuluka ndi ana awo kukabisala kuseri kwa magalimoto. Tinachoka mwambo usanafike pakati. M'minibasi pobwerera mayi ake anangoti "mwambo wa ana athu koma ana athu ndi amene athawa". Okonza aja sindikuwanena kuti ndi oipa, ena mwa iwo ndi makolo ngati ife ndipo anathamanga kwambiri kuti zitheke, koma palibe amene anakhala pansi nkufunsa funso lomwe wometa uja anandifunsa, loti chimene mwana amaopa kwambiri ndi chani.

Komabe amene amati makampeni onsewa ndi kudya ndalama basi sindigwirizana nawo, ndipo ndimawauza. Ife mawu oti autism tinawamva koyamba pa wailesi mwezi wa April womwewo, mayi wina akufotokoza za mwana wake, kusatembenuka akaitanidwa, kuyenda chonyang'ama, kudya chakudya chamtundu umodzi. Mkazi wanga anasiya mbale zomwe ankatsuka nkukhala pansi, anati akunena mwana wathu. Nthawi imeneyo tinali titatha ndalama zambiri, mbuzi ziwiri zinapita, tinawoloka mpaka ku Makanjira kwa sing'anga, mwana anatemedwa mphini, anamwetsedwa zowawa, kwinanso anatiuza kuti ndi ziwanda tisale kudya. Pulogalamu ya mphindi 30 ija ndi imene inatipititsa kuchipatala, mpaka anatitumiza ku Queens ku Blantyre komwe anatifotokozera bwinobwino kuti si ufiti, si kulera koipa, mwana amabadwa nazo ndipo mankhwala ochotseratu palibe koma akaphunzitsidwa moleza mtima amapita patsogolo. A bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO ananena kuti mwa ana 100 alionse pafupifupi mmodzi ali ndi autism. Nde werengani ana a m'boma lino kuyambira ku Monkey Bay mpaka ku Chiponde, ndi angati amene akutsekeredwa m'nyumba makolo akupita kumunda kapena kunyanja chifukwa palibe anawauzapo dzina la chomwe mwana ali nacho. Kampeni ikufunika, koma ya Chichewa ndi Chiyao, ya kumzikiti Lachisanu ndi kutchalitchi Lamulungu, ya kusikelo komwe amayi amakhala pamzere kale.

Apongozi anga mpaka lero amati ndi katemera. Nkhani imeneyo inachokera kwa dokotala wa ku Britain Andrew Wakefield amene analemba mu 1998 kuti katemera wa chikuku akukhudzana ndi autism, koma zinadzapezeka kuti kafukufuku wake anali wachinyengo, mu 2010 magazini ya zachipatala ya The Lancet yomwe inasindikiza nkhaniyo inaichotsa ndipo iye analandidwa chilolezo chaudokotala. Mng'ono wake wa mnyamata wangayu anabayitsa katemera yense ndipo amalankhula ngati wailesi.

Mkangano wina waukulu pagulu lathu ndi wa sukulu, awaphatikize ndi anzawo kapena akhale ndi sukulu yawoyawo. Papepala dziko lathu lili bwino, tinavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala mu 2009, panabwera lamulo la 2012, kenako latsopano la 2024 lomwe linasintha bungwe loona za anthu olumala la MACOHA kukhala MACODA, ndipo unduna wa maphunziro umanena za maphunziro ophatikiza ana onse. Aphunzitsi a ana ofunika chithandizo chapadera amaphunzitsidwa ku Montfort ku Nguludi ndipo omwe ndinakumana nawo ndi anthu odziwa ntchito, vuto ndi ochepa. Mwana wanga tinamuyambitsa Sitandade 1 pa sukulu ina, kalasi ya ana opitirira 100 pansi pa malata mwezi wa October kutentha kwa kuno mukukudziwa, onse akuimba a e i o u mokuwa. Anathawa katatu, kachitatu anamupeza kufupi ndi mtsinje wa Shire, ng'ona zili momwemo. Aphunzitsi ake anali mayi wabwino ndipo anandiuza chilungamo kuti bambo ndili ndekha, ndikathamangira wanuyu enawa atsala ndi ndani. Sukulu ina yolipira anatiuza kuti malo atha atangomuona akugwedeza manja, mawa lake mnzanga anakalembetsa wake pomwepo.

Nde mayi wina wa ku Monkey Bay akamati iye akufuna sukulu yapadera ndimamumvetsa, amati kumuika mwana pakona ya kalasi nkumati taphatikiza ndi kunamizana. Bambo wina amati ayi mukawapatula ndiye mwawabisa, anzawo adzakula osawadziwa nkumadzawagenda ali akuluakulu, iyenso ndimamumvetsa. Ine kale ndinkangokhala pakati, koma chichokereni zometa izi maganizo anga anapendekera mbali imodzi. Madala aja sanatsegule malo apadera ometera ana a autism, ndi mpando womwewo umene amakhalapo aliyense, anangosintha nthawi, phokoso ndi kagwiridwe. Ndipo pano anayamba kumusunthira pang'onopang'ono ku nthawi ya anthu, ulendo wapitawu panali makasitomala awiri pa benchi ndipo wailesi inali yoyatsa chapansipansi, mwana anapirira. Sukulu ndikudziwa ndi yovuta kuposa apa, wometa ali ndi mutu umodzi pa nthawi pomwe mphunzitsi ali ndi mitu 100, koma ndimakhulupirira kuti njira yake ndi yomweyi, kuyamba ndi ola limodzi mmawa, pakhale kachipinda kachete kothawirako, wina womuyang'anira, kenako kumawonjezera. Pano akupita masiku atatu pa sabata pa sukulu ina yomwe ili ndi mphunzitsi mmodzi wa ku Montfort, mayi ake amakhala panja pansi pa mtengo mpaka 10 koloko.

Tibwerere ku malo ometera, zofooka ziliponso ndipo ndinawauza eni ake. Kachipindako ndi kakang'ono ndipo kopanda windo lenileni, ikangokwana 9 koloko ndi ng'anjo. Chimbudzi palibe, muyenera kupita cha mumsika cholipira, kwa mwana ngati wanga amene sadikira ndi vuto lalikulu, ife timayenda ndi kabudula wina m'chikwama. Pakhomo pali masitepe awiri aatali opanda pogwira nde mwana wa pa wheelchair ayenera kunyamulidwa. Khomo lili pafupi kwambiri ndi njira ya njinga zamoto, mwana wothawathawa musamusiye dzanja ngakhale pang'ono. Chachikulu kwambiri nchakuti zonse zabwinozi zili mwa munthu mmodzi. Tsiku lina tinapeza apita ku maliro ku Namwera, mnyamata wowathandiza sanauzidwe kanthu, tinapeza nyimbo zili pamwamba ndipo atationa anangoti khalani apo ndikumalizeni msangamsanga, mwana anakuwa tisanalowe nkomwe ndipo zinatengera maulendo awiri kuti ayambenso kukhulupirira malowo. Madala aja anapepesa ndipo pano amatumiza uthenga akakhala kuti sapezeka, komanso ayamba kumuphunzitsa mnyamatayo, koma sanafikepo.

Masiku oti mupewe: sabata yotsegulira sukulu, masiku awiri Eid isanafike, Khirisimasi, ndi Loweruka lililonse, anthu amayamba kudikira kusanache. Lachisanu masana amatseka kupita kukaswali. Lachiwiri ndi Lachitatu mmawa ndiye bwino. Mtengo wa ana ndi K2,000 ndipo sawonjezera ngakhale atenge ola, ine ndimapereka K3,000 amakana kaye kenako ndimangoika pansi pa chitini chija. Amalandira Airtel Money ndi Mpamba. Kametedwe kake ndi kooneka bwino koma masitayelo a anyamata amakono ojambula mizere musayembekezere, iwo ndi a mpala ndi kuchepetsa basi, kwa ife nzokwanira. Pa nyenyezi zisanu ndikupereka zinayi, imodzi ndachotsa chifukwa cha chimbudzi ndi tsiku la mnyamata lija.

Mukafuna kupita ndi mwana wanu chonde pitani nokha kaye mukafotokoze, musangotulukira, ndipo musakhumudwe tsiku loyamba akabwerera tsitsi lili momwemo. Mutengere chinthu chomwe amachikonda, wanga ndi zitsekerero, wina mwina ndi kachingwe kapena foni. Bambo wina wa ku M'baluku amene mwana wake wa zaka 9 sanalowepo malo ometera chibadwire ndinapita naye sabata yatha kukaonana nawo, agwirizana Lachiwiri likubwerali. Madala aja andipempha kuti ife tibwere 6 koloko iwo 7 koloko kuti anawo asakumane pakhomo wina akulira, ndipo andituma ndiwafunse bambowo ngati mwanayo amaopa galasi, kuti aliphimbiretu ndi chitenje.